Mamita a mphanje ndi amene amawinitsa gemu ya rugby league

Pali mkangano wina umene sukutha pakati pa anthu okonda rugby league, kaya ndi kuno kumpoto kwa England kumene ndimakhala, kaya ndi ku Australia kumene kuli NRL, ligi yaikulu ya kumeneko, sizoni iliyonse umabukanso ngati moto wa mankhusu uja umaoneka ngati wazima koma pansi ukunyeka. Nkhani yake ndi ya kanambala kamene a TV amaonetsa gemu ikatha, amakatchula kuti post-contact metres, kutanthauza mtunda umene wosewera amayendabe ndi mpira adani atamugwira kale. Kuno achikulire amati mayadi, ku Australia amati mamita, koma chinthu chake ndi chimodzimodzi. Gulu lina likuti nambala imeneyi ndi yongokometsera, yosangalatsa anthu okonda masamu pa foni, gemu imawinidwa ndi ma try, zigoli za mu rugby, basi. Ine sindili kumeneko ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti pasakhale kukaikira: pa manambala onse amene amalembedwa mu gemu imeneyi, mamita opeza munthu atagwidwa kale ndi amene amanena zoona kwambiri za timu imene ikulamulira bwalo, chifukwa ndi mamita okhawo amene palibe anakupatsa, umachita kulanda pamanja pa munthu amene akukana.

Ambiri a ife rugby tinaidziwira pa TV poonera ma Springboks, ndiye ndifotokoze kaye kuti league ndi gemu ina, inapatukana ndi rugby union mu 1895 ku Huddersfield pa nkhani yolipira anthu amene amasiya ntchito za m'migodi ndi m'mafakitale kuti akasewere. Mu league timu imakhala ndi anthu 13, ndipo mukatenga mpira muli ndi ma tackle 6 okha, akatha mpira umapita kwa anzanu, nchifukwa chake tackle yachisanu ikakwana pafupifupi timu iliyonse imaumenya mpira uja kutali. Munthu akagwetsedwa palibe zolimbirana mpira pansi ayi, amadzuka nkuupalasira kumbuyo ndi phazi, mnzake nkutola, ndiye play-the-ball imeneyo. Tsono lamulo limene lili pamtima pa nkhani yathuyi ndi ili: pa nthawi imeneyo adani onse ayenera kubwerera mamita 10 pamene paima refu, kupatula anthu awiri okha amene amaima pamaso pa wogwetsedwayo, ma marker. Ndiye taganizani bwino, ngati lamulo lenilenilo likukankhira adani kutali chonchi, ndiye kuti mamita oyambirira amene munthu amathamanga ndi aulere, aliyense amene ali ndi miyendo awapeza, ngakhale prop, wosewera wamkulu thupi wa pakati, wotopa amene akungodikira kuti amutulutse. Zili ngati kulima m'munda umene unalimidwa kale chaka chatha, khasu limangolowa lokha. Koma pamene mapewa agundana mpamene payambira mphanje, zitsa, mizu, nthaka youma gwa, ndipo mlimi weniweni timamudziwira pamenepo.

Ine zimenezi sindinazimvetsere pa TV. Ndinazimvetsa usiku wina ku Headingley, bwalo la Leeds Rhinos, nditaima mu South Stand, kukuzizira koopsa, ndipo bambo wina wachikulire amene timagwira limodzi ntchito, yemwe anasewerapo gemuyi ali mnyamata, anandigwira mkono nkundiuza kuti ndisiye kaye kuyang'ana mpira, ndiziyang'ana munthu wachitatu wa pa tackle. Poyamba sindinamve kuti akutanthauza chani. Kenako prop wina anatenga mpira, awiri anamulandira, wina m'chiuno wina pachifuwa, phokoso lake limamveka mpaka pamene tinaima, koma mwamunayo miyendo sinaime, anapitabe mapazi atatu anayi atawakolekera, mpaka wachitatu anachoka pa mzere kudzamugwira miyendo. Atagwa chafufumimba anadzuka msanga, awiri aja anakhala ma marker wina asanaime nkomwe bwino, ndipo wachitatu uja ndi amene ndinamuona tsopano, anayenera kudzuka, kutembenuka, kuthamanga chobwerera mamita 10 kukafika pa refu, ndipo mpira unatuluka iye akadali mnjira nsana uli kwa adani. Pamalo pake panali mpata woti ngolo nkudutsa. Hooker, amene ntchito yake ndi kutola mpira pa play-the-ball, anangoutola nkulowa pomwepo. Pa TV mukanaona hooker wanzeru, koma mpatawo anaupanga ndi prop uja ndi mapazi ake anayi aja, ndipo kuyambira tsiku limenelo gemuyi ndimaionera mwina.

Apa mpamene pagona mfundo yanga yonse. Mita imodzi yopeza utagwidwa siikhala mita imodzi yokha, imabereka zina. Imakankhira mzere wonse wa difensi kumbuyo, anthu khumi ndi kanthu onse ayenera kubwerera mtunda woonjezera kenako nkubweranso kutsogolo, ndipo aliyense amene anathamangapo chobwerera akudziwa kuti zimadya miyendo kuposa kuthamangira kutsogolo. Imakoka munthu wachitatu kumuchotsa pamalo pake. Ndipo tikangochita masamu osavuta, tiyerekeze kuti pa seti imodzi, kutanthauza ma tackle 6 aja, anthu asanu athamanga ndi mpira ndipo aliyense waonjezera mamita 2 okha atagwidwa, amenewo ndi mamita 10 pa seti, ndiye ngati timu yakhala ndi maseti 35 pa gemu ndi mamita 350, pamene bwalo kuchokera pa try line kufika pa inzake ndi mamita 100. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, abale. Komanso mamita 10 amenewo ndi amene amasiyanitsa halfback, woyendetsa masewero a timu, amene akumenya mpira ali mkati mwa dera lake, kungoutaya kutali kuti apume, ndi halfback amene wadutsa pakati pa bwalo ndipo akhoza kuuponya m'mwamba kuti anzake akaulimbirane kapena kuugwetsera pakona kuti adani akayambire pa mzere wawo. Seti yotsatira adani amayambira pamene inu mwawasiya, ndiye phindu lija limapitirira mpaka pamene mpira suli m'manja mwanu.

Tsopano tiyeni tiwamvere otsutsa, chifukwa si anthu opanda nzeru ndipo zina zimene amanena nzolemera. Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti gemu imawinidwa ndi anthu aluso, ma halfback ndi ma fullback oima kumbuyo kwenikweni, osati ndi ma bulu onyamula katundu pakati. Chitsanzo chimene amakonda ndi fayinolo ya NRL ya 2023, ndipo ndi chitsanzo chabwino ndithu. Brisbane Broncos imatsogola 24-8 posewera ndi Penrith Panthers, Ezra Mam atagoletsa ma try atatu motsatizana, Jarome Luai wa Penrith atatuluka povulala phewa, ndiye halfback Nathan Cleary anainyamula Penrith pamsana, anatsegula njira ya try ya Moses Leota, anamenya 40/20, kiki yaitali imene imabwezera mpira kwa timu yako pafupi ndi mzere wa adani, Stephen Crichton anagoletsa, kenako iye mwini anagoletsa yomaliza gemu nkutha 26-24. Akuti taonani, apa mamita anu ali pati? Ine sindingachotse kanthu pa zimene Cleary anachita usiku umenewo, zinali zodabwitsa. Koma funso limene otsutsawa safunsa ndi lakuti nchifukwa chani luso limenelo linagwira ntchito mu mphindi 20 zomaliza osati 20 zoyamba? Cleary ndi yemweyo, nzeru ndi zomwezo. Chimene chinasintha ndi miyendo ya amene amamutchinga. Mu chigawo choyamba Brisbane inakhala nthawi yaitali ikutchinga, ikugwetsa James Fisher-Harris, Leota, Brian To'o, Dylan Edwards, anthu amene sagwa pamene wawagwirira, ndipo ngongole ya mtundu umenewo siikhululukidwa, imadzabwezedwa kumapeto pamene munthu amachedwa ndi phazi limodzi lokha kutseka mpata. Luso limafuna nthawi ndi malo, ndipo nthawi ndi malo zimagulidwa ndi anthu a pakati aja.

Ndipo ngati tikufuna kuyesa mfundoyi mwachilungamo tiyang'anenso mbali inayo, timu imene yataya katswiri wake koma ikadali ndi munthu wa mphanje. North Queensland Cowboys mu 2017 inataya Johnathan Thurston, mmodzi mwa ma halfback opambana amene gemuyi inaonapo, inatayanso prop wake wamkulu Matt Scott, onse kuvulala. Inalowa mu ma finals pa nambala 8, malo omaliza enieni, koma inakafika mpaka mu fayinolo. Inde kumeneko Melbourne Storm inawakwapula 34-6, sindibisa, ndipo inde halfback wa Cowboys Michael Morgan anasewera mpira wapamwamba mu masabata amenewo. Koma aliyense amene anaonera akukumbukira Jason Taumalolo, forward wa pakati wa Cowboys, akutenga mpira mobwerezabwereza anthu atatu atamukangamira iye akuyendabe ngati akoka mtolo wa nkhuni, ndipo Morgan amasewera kumbuyo kwa chipwirikiti chimenecho. Chaka chomwecho Taumalolo anasankha kusewerera Tonga m'malo mwa New Zealand pa World Cup, Andrew Fifita nayenso anasiya Australia, ndipo kadziko kakang'ono kaja kanagonjetsa New Zealand 28-22 ku Hamilton nkudzagonja kwa England ndi mapointi awiri okha, 20-18, mu semi fayinolo ku Auckland. Mu 2019 anagonjetsa Australia yomwe 16-12. Tonga sinali ndi ma halfback oposa a mayiko amenewa, aliyense akudziwa zimenezo. Inali ndi anthu amene ukawagwira ntchito yako ndiye yangoyamba kumene. Mabwana a Cowboys atamupatsa Taumalolo kontrakiti ya zaka 10 mu 2017 sanali kugula ma try.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi imene ndimailemekeza kwambiri, chifukwa imachokera kwa anthu odziwadi gemu, makochi ndi osewera akale. Iwo amati chofunika si mamita koma liwiro la play-the-ball. Akuti munthu amene akulimbana kuti apeze mamita awiri oonjezera ataima chilili amapatsa adani nthawi, wachitatu amabwera, amamukulunga, amamutembenuza nkumugwetsa chagada, nkumugonera, ndipo pamene azidzuka mzere wonse wa difensi waima kale mwadongosolo ukupuma. Bola munthu amene wagunda, nkugwa msanga chafufumimba, nkudzuka nthawi yomweyo, ngakhale wapeza mita imodzi yokha. Zoona zake nzakuti osewera otere alipodi, amene nambala yawo imaoneka yokongola pa pepala koma timu yawo imayenda ngati ili m'matope, ndawaonapo ndipo amakwiyitsa. Ngati wina akuganiza kuti kulimbana kulikonse ndi kwabwino ndiye kuti sanamvetse.

Komabe apa otsutsawa akusiyanitsa zinthu ziwiri zimene pabwalo zimayendera limodzi nthawi zambiri. Funsani kuti ndani amasankha mmene munthu agwere, chagada kapena chafufumimba? Ndi amene wapambana pa kugundana paja. Ngati miyendo yako ikupitabe kutsogolo thupi lako limagwera kutsogolo, umagwa pa mawondo ndi zigongono, adani ali pansi pako kapena m'mbali, ndipo kudzuka sikuvuta. Ngati akuimitsa pomwepo kapena akubweza, iwo ndi amene ali pamwamba, ndipo refu amawapatsa kanthawi koonjezera kuti adzuke chifukwa tackle imeneyo apambana ndi iwo. Ndiye play-the-ball yachangu nthawi zambiri ndi mwana wa mamita aja, si mdani wake. Umboni wake ndi zimene matimu anzeru amachita kuti athane nazo. Melbourne Storm ya Craig Bellamy, amene wakhala kochi kumeneko kuyambira 2003, inatchuka ndi kuphunzitsa osewera ake luso la kugwetsana, mmene ungagwirire munthu kumtunda, kutsekera mpira, kuimitsa miyendo yake nkumutembenuza, ndipo matimu ena onse anatengera. Anthu anadandaula zaka zambiri kuti gemu yasanduka kulimbana, mpaka mu 2020 akuluakulu anabweretsa lamulo la six again, loti ukachedwetsa munthu kudzuka refu amangoyambitsanso kuwerenga ma tackle gemu osaima. Tsono ndifunse, kodi timu yanzeru ngati Melbourne ikanataya nthawi yonseyo pokonzekera kupha chinthu chopanda phindu? Amadziwa kuti masekondi awiri amene amatsatira kugundana ndi pamene gemu imagamulidwa. Ndipo chibwerereni six again, difensi imene yabwezedwa kumbuyo ilibenso pobisala, ikagonera munthu ipatsidwa ma tackle ena 6 oti itchinge, ikamusiya msanga hooker adutsa.

Mfundo yachitatu ndi yakuti nambalayi imanama. Akuti imakondera ma winger ndi ma fullback amene amabweza mpira womenyedwa, chifukwa iwo amathamanga mtunda wautali asanagundane ndi munthu, amafika ndi liwiro, ndipo amakumana ndi mzere wophwasuka, pamene prop amagunda khoma la anthu akuluakulu atatu amene amuyembekezera. Akutinso imakondera amene wasewera mphindi zonse 80 kapena amene wangotenga mpira kambirimbiri, komanso kuti pamapeto pake ndi munthu amene amakhala pa kompyuta nkumaganiza kuti kugwidwa kwayambira apa, ndiye wina akhoza kuwerenga mosiyana ndi mnzake. Zonsezi ndikuvomera. Koma taonani kuti awa ndi madandaulo a kawerengedwe, si umboni woti chinthucho chilibe ntchito. Sikelo ya pa msika ikakhala yokhota timakonza sikeloyo, sitinena kuti kulemera kwa chimanga kulibe tanthauzo. Yerekezani prop ndi prop mnzake, winger ndi winger mnzake, gawani mamitawo ndi maulendo amene munthu watenga mpira, basi vuto lalikulu latha.

Ndipotu nkhani ya ma winger imeneyi ine ndimaiona ngati ikuthandiza mbali yanga. Kale winger anali munthu woima kumphepete kudikira kuti amupatse mpira agoletse, jezi yake imatha gemu ili yoyera. Lero tackle yoyamba ndi yachiwiri ya seti, pamene timu ili pafupi ndi mzere wake ndipo ma forward akubwerera wefuwefu kuchokera kutsogolo, imatengedwa ndi anthu atatu a kumbuyo, ma winger awiri ndi fullback, ndipo amenewo ndi mamita ovuta kuposa onse pabwalo chifukwa adani amabwera ali ndi njala yofuna kukutsekera pakona. Penrith inatenga chikho zaka zinayi zotsatizana, 2021 mpaka 2024, ndipo pa zinthu zimene aliyense amazidziwa za timu imeneyo ndi mmene winger To'o ndi fullback Edwards amayambira maseti. To'o si chimphona, pakati pa osewera a NRL ndi wamfupi ndithu, koma amalowa motsika, miyendo ikupalasa ngati nkhuku pa dzala, ndipo kawirikawiri woyamba kumugwira samugwetsa yekha. Akatero ma prop amapeza mpweya, amafika pa tackle yachitatu mzere wa adani ukubwerera kale. Pamene kusintha osewera kuli ndi malire, maulendo 8 okha pa gemu, mpweya umenewo ndi chuma. Edwards anapatsidwa Clive Churchill Medal, mphoto ya wosewera bwino koposa mu fayinolo, mu 2022 pamene Penrith inagonjetsa Parramatta 28-12, ndipo si munthu wa zozizwitsa ngati ma fullback ena, ndi munthu wa ntchito.

Pali kamfundo kena kamene ndingokadutsa mwachangu. Ena amati nanga Isaah Yeo wa Penrith, lock, ndiye kuti forward wa pakati, amene luso lake ndi kupereka pasi asanagundidwe, nambala yanuyi siimuona. Zoona siimuona yense, palibe nambala imene imaona munthu yense. Koma pasi ya Yeo imagwira ntchito chifukwa adani amaopa kuti akhoza kuthamanga yekha kapena kupatsa prop amene ali paphewa pake, ndiye amaunjikana pakati, kunja nkutseguka. Muchotse mantha amenewo, difensi ingotsetserekera kunja nkukadikira pasiyo kumeneko.

Mfundo yomaliza ndi imene imandikhudza mtima, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Pali anthu amene amati tikamatamanda mamita a pambuyo pa kugundana ndiye kuti tikulimbikitsa kugundana komweko, tikuuza ana kuti njira yotchukira ndi kuthamangira munthu pachifuwa, pamene tikudziwa tsopano zimene kugundidwa mutu mobwerezabwereza kumachita ku ubongo. Kuno ku Leeds nkhani imeneyi si yongomva, Stevie Ward anali kaputeni wa Rhinos ndipo anasiya mpira mu 2021 ali ndi zaka 27 zokha chifukwa cha kuvulala kwa m'mutu. Chaka chomwecho ku Sydney Roosters Boyd Cordner ndi Jake Friend nawonso anasiya pa chifukwa chomwecho. Awa ndi anthu, ali ndi mabanja, ali ndi zaka zambiri zoti akhale ndi moyo mpira utatha. Amene amakumbukira mosangalala mmene Sam Burgess anasewerera fayinolo yonse ya 2014 fupa la patsaya litathyoka pa tackle yoyamba ayenera kudzifunsanso ngati lero tingafune kuti mwana wathu achite zomwezo. Ine sindingafune. Ndipo akuluakulu a gemuyi anachita bwino kuletsa shoulder charge, kugunda munthu ndi phewa osamugwira ndi manja, mu 2013, anachitanso bwino kukhwimitsa chilango cha ma tackle a m'mutu ngakhale masapota ena amalira kuti gemu yafewa.

Koma ndikukana kuti mamita amenewa amabwera chifukwa chogundana mwamphamvu kwambiri, ndipo apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka. Munthu amene amathamangira mdani pachifuwa penipeni, mutu ndi mutu ngati nkhosa zamphongo, nthawi zambiri amaima pomwepo, phokoso lalikulu mamita ziro. Amene amapeza mamita ndi amene amasuntha phazi pang'ono atatsala pang'ono kufika, kuti asagunde munthu koma alowe pakati pa anthu awiri, aliyense amugwire ndi mkono m'malo mwa phewa, kenako amatsitsa thupi nkupitiriza kupalasa ndi timasitepe tifupitifupi. Muyang'anitsitseni Taumalolo pa nthawi imene anali pachimake, chimene chimaopsa sichinali kukula kokha, anthu akuluakulu mu NRL ndi ambiri, chinali mapazi a munthu wopepuka pansi pa thupi lolemera. Payne Haas wa Brisbane chimodzimodzi, komanso iye amatha kuchita zimenezo mphindi zambiri kuposa ma prop anzake. Kuno tili ndi Alex Walmsley wa St Helens, timu imene inatenga Super League, ligi yaikulu ya kuno, kanayi motsatizana kuyambira 2019 mpaka 2022 nkupita kukagonjetsa Penrith kwawo komwe 13-12 mu 2023. Ndiye kochi wa ana amene wamvetsa nambala imeneyi saphunzitsa mwana kugunda khoma, amamuphunzitsa kupeza mng'alu wa pakhomapo, ndipo imeneyo ndi njira yotetezeka kuposa inayo. Amene amati zimenezi zimachotsa kukoma kwa gemu ndimawauza kuti ma try okongola amene amawakonda, mpira kudutsa m'manja mwa anthu asanu mpaka pakona, amachitika pamene difensi ikubwerera ndipo yaperewera munthu mmodzi, difensi yoima bwino siilola zimenezo ngakhale pang'ono.

Chimene chimandipweteka nchakuti makalabu zonsezi amazidziwa, amalipira ndalama zambiri kwa anthu otere, koma ikafika nthawi yopereka ulemu pagulu timabwerera ku maso a TV amene amangotsata mpira. Dally M Medal, mphoto ya wosewera wopambana mu NRL, Taumalolo anaipata mu 2016 ndipo ngakhale pamenepo anachita kugawana ndi halfback Cooper Cronk. Tawerengani amene anatsatira, Cameron Smith mu 2017, Roger Tuivasa-Sheck mu 2018, James Tedesco mu 2019, Jack Wighton mu 2020, Tom Trbojevic mu 2021, Nicho Hynes mu 2022, Kalyn Ponga mu 2023, Jahrome Hughes mu 2024, onsewa ndi akatswiri ndipo palibe amene ndikumunyoza, koma pa zaka zisanu ndi zitatu zonsezo palibe prop kapena lock ngakhale mmodzi, pamene zaka zomwezo Fisher-Harris anatenga zikho zinayi akuswa mphanje pakati pa bwalo ndipo Haas amangopatsidwa mphoto ya prop wa chaka, ya m'gulu lake lokha. Ine ndikufuna a TV aziika nambala imeneyi moigawa ndi maulendo amene munthu watenga mpira, pambali pake aike liwiro la play-the-ball yake, ndipo amene amavota mapointi a gemu iliyonse aziyamba ayang'ana ziwirizo asanalembe dzina la amene wagoletsa pakona.